Mkeka wa Anti Gizela

"Amake Gizela, kodi mzungu mwamupachika pakhomayu ndi bwana amene mayi anu ankamugwirira ntchito?"

Anandifunsa choncho ndi amake Amina, oyandikana nawo nyumba kuno ku Mbayani, tsiku lina atabwera kudzabwereka sefa. Anaima pakhomo manja ali m'chiuno, maso ali pa chithunzi chimene chili pamwamba pa wailesi. Pachithunzipo pali amayi anga ndi mzimayi wachizungu wamtali wa tsitsi lalifupi, onse awiri atavala zitenje zofanana, atatsinzina pang'ono chifukwa cha dzuwa. Ndinawayankha kuti ayi, amenewo ndi mayi anga aang'ono, ndipo mwana wangayu dzina anatengera kwa iwowo. Amake Amina anandiyang'ana kumaso, nayang'ana mikono yanga yakuda bii, kenako anaseka mpaka kutsamira chitseko. Anati ndisawanamize dzuwa likuswa mtengo. Sefa anatenga, koma nkhani sanaimve, chifukwa anali atasiya mpunga pamoto. N'chifukwa chake ndati ndiilembe bwinobwino mwana akagona masana, pang'onopang'ono monga ndimachitira posankha nyemba.

Ife kwathu kwenikweni ndi ku Mozambiki, cha ku Milanje. Agogo anawoloka kalekale kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi, ana ena anakulira kuno, ena anatsala uko kwa achibale. Amayi anga, a Marita, anakulira kuno n'kukwatiwa ku Blantyre. Mlongo wawo wamng'ono, atsibweni a Fabiano, anali mmodzi wa otsala uko, ndipo ali mnyamata boma la kumeneko linawatumiza ku Jeremani kukagwira ntchito m'fakitale ya makina osokera. Kumeneko ndiye anakumana ndi Anti Gizela. Bambo awo a Anti atamva kuti mwana wawo akufuna kukwatiwa ndi munthu wakuda, anamuuza kuti akatuluka pakhomopo asadzagogodenso. Anatulukadi. Kenako zinthu zinatembenuka. Nthawi imeneyo Jeremani analipo awiri, wakum'mawa ndi wakumadzulo, ndipo wakum'mawayo, kumene Anti anabadwira, anamezedwa ndi mnzake. Fakitale inatsekedwa, alendo anauzidwa kuti azibwerera kwawo. Ku Mozambiki nkhondo inali isanathe, choncho atsibweni anafikira kwa mlongo wawo ku Blantyre, ali ndi mkazi wachizungu, khanda lotchedwa Tomasi, ndi masutikesi amene ina inali yolemera ngati muli miyala. Munali mabuku ndi makina otaipira. Izi ine ndinachita kumva, chifukwa ndine mzime ndipo ndinali ndisanabadwe.

Pamene ndinkayamba kuzindikira, iwo anali atakhazikika ku Kanjedza, m'kanyumba ka lendi kumapeto kwa msewu, pafupi ndi nkhalango. Atsibweni anali ndi kashopu kokonzera makina osokera ku Limbe, kuseri kwa mashopu a amwenye, ndipo atelala onse a m'makonde ankawadziwa. Holide iliyonse amayi ankandikweza minibasi ndi kachikwama kanga kupita ku Kanjedza. Ndikatsinzina ndimamvabe fungo la nyumba imeneyo: mafuta a makina pa malaya a atsibweni, utomoni wa paini ukamabwera ndi mphepo kuchokera kunkhalango, ndi buledi wa Anti. Bulediyo anali wakuda, wowawasa, wolemera ngati njerwa. Tsiku loyamba ndinabisa chidutswa changa m'thumba la diresi n'kukaponyera galu wa aneba. Galuyo ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kuchokapo.

Koma nkhani imene amayi ankaseka nayo mpaka ukalamba wawo inali ya kabichi. Anti ankadula kabichi wambiri timizeretimizere, kuthira mchere, kumupondereza m'ndowa, kuika mwala pamwamba, n'kumusiya kuseri kwa chitseko milungu ingapo. Tsiku lina amayi atapita kukacheza anamva fungo, analitsata ndi mphuno mpaka anapeza ndowa ikutuluka thovu. Anamva chisoni kuti mlamu wawo sadziwa kusamala ndiwo, ndipo posafuna kumuchititsa manyazi anakataya kudzala mwakachetechete, n'kukwecha ndowayo ndi phulusa mpaka kuwala. Anti pobwera kuntchito anaipeza ili mbee pathandala. Anakhala pansi pakhonde n'kuseka mpaka misozi, amayi ali kakasi. Kuyambira pamenepo akaika kabichi wina ankayamba atumiza uthenga ku Mbayani, kuti alamu, ndawoletsanso, chonde musadzandithandize.

Ntchito yawo yolandira malipiro inali yophunzitsa ana pa kasukulu kena m'tauni, koma ukawafunsa kuti amachita chiyani, ankati ndine mlakatuli. Ine mawu amenewa ndinawamva koyamba kwa iwowo, osati kusukulu. Ankadzuka m'mamawa, kuika makina otaipira patebulo la pakhonde, kudzifunditsa bulangete, n'kumagogoda ta ta ta, kenako zii kwa nthawi yaitali, kenako ta ta. Koma ndakatulo zawo sizinkayambira pamakinapo, zinkayambira m'miyendo. Ankati mawu sabwera munthu atakhala pansi. Choncho ankayenda wapansi kuchokera ku Kanjedza mpaka kumsika wa Limbe akudziyankhulira chapansipansi, dzanja likumenya ntchafu motsatira mapazi. Ndikawaperekeza ndinkatsalira m'mbuyo pang'ono, chifukwa ena ankati mzunguyo mutu unasokonekera, ena ankati akupemphera. Oitanira minibasi okha ndiwo anali atawazolowera. Ankakuwa kuti, "Mayi Jeremani, lero mawu apezeka?" Iwo ankangokweza dzanja osaima.

Mumsika ankapita kukagula ndiwo, koma ankabwerakonso ndi mawu. Mayi wogulitsa matimati akanena kuti apsa psuu, Anti ankaima n'kumupempha kuti abwereze, kenako ankabwereza okha njira yonse, psuu, psuu, ngati akulawa. Ndakatulo zambiri ankalemba m'Chijeremani n'kutumiza kwawo, ndipo nthawi zina kupositi kunkabwera timabuku topyapyala tokhala ndi dzina lawo pachikuto. Atsibweni ankatinyamula kupita nato kushopu kukaonetsa atelala, ngakhale panalibe wotha kuwerenga Chijeremani. Atsibweniwo ndiwo ankatimasulira: ina inali ya azimayi oswa miyala m'mbali mwa msewu, ina ya sitima ikamalira ku Limbe, ina ya maluwa a jakaranda akagwa m'misewu ya m'tauni anthu n'kumawaponda pothamangira ntchito. Zochepa ankalemba m'Chichewa, ndipo zimenezo ankayamba awerengera amayi. Amayi sukulu sanapite nayo patali, koma sankanyengerera. Ankamvetsera akusenda mbatata, n'kunena kuti, "Apa pokha, alamu, mwayankhula ngati munthu wa kuofesi." Anti ankafufuta pomwepo.

Za kwawo sankakonda kukamba. Tsiku lina tikutola zipatso za paini zoyatsira mbaula ndinawafunsa ngati adzabwerere. Anati dziko limene anabadwira silipezekanso pamapu, ndipo akapita akangokhala mlendo wodziwa bwino chiyankhulo cha eni ake. Ine sindinamvetse. Ndinkaganiza kuti dziko silingasowe ngati mbuzi.

Atsibweni a Fabiano anamwalira ine ndili Sitandade 5, nyengo ya chiperoni. Anadwala pachifuwa kwa nthawi yochepa chabe. Pamaliro Anti sanalire mokweza monga timachitira ife. Anakhala m'nyumba pakati pa azimayi, miyendo atatambasula ngati wina aliyense, misozi ikungotsika osaipukuta. Ena anayamba kunong'onezana kuti azungu ndi ouma mtima. Amayi anawatembenukira nati aliyense amalira ndi pakhosi pake, ndipo nkhani inathera pomwepo. Pa tsiku lometa Anti anapereka okha mutu wawo. Tsitsi lawo lofika m'chiuno linagwa pansi ngati ndevu za chimanga, ndipo onong'ona aja anayang'ana kumbali. Koma makina otaipira anakhala chete. Anawavundikira ndi nsalu, m'mamawa pakhonde pankangomveka njiwa za kunkhalango.

Patapita miyezi inakwana nthawi yosudzula. Kwa amene sanauonepo mwambowu, umayenda chonchi. Mwamuna akamwalira, abale ake amaitana mkazi wamasiyeyo pamodzi ndi akwawo. Akuchimuna amakhala mbali yawo, akuchikazi mbali yawo. Akuchimuna amathokoza mkaziyo chifukwa chosamala m'bale wawo, amamupatsa nsalu yatsopano, n'kunena kuti tsopano ndinu mfulu, tikukubwezani m'manja mwa abale anu, mukafuna kukwatiwa kwina palibe adzakuletseni. Akuchikazi amamulandira. Si mwambo wankhanza ayi. Amauchita kuti munthu asakhale womangika kwa wakufa moyo wake wonse. Ndipo popeza kwathu ana ndi a kuchikazi, nawonso amatsata mbali imene yalandira mayi wawo. Anti ankaudziwa mwambowu, anali atauonapo kwa ena, ndipo m'masiku amenewo anaonda mpaka mphete inkazungulira pachala.

Woyendetsa zonse anali atsibweni aakulu, a Lusiyano, mkulu wawo wa amayi ndi malemu, amene anapuma ntchito ya njanji ndipo ankakhala ku Bangwe. Anali munthu wofatsa, wokonda jekete ngakhale kukutentha, wosafuna kuti chinthu chichitike mwatheka. Chinkawasowetsa mtendere chinali chimodzi: tikamusudzula, amulandira ndani? Ukwati unamangidwa kuofesi ku Jeremani kopanda nkhoswe, ndipo chibwerereni Anti sitinaonepo m'bale wawo ngakhale mmodzi. Ena anati tingousiya mwambowo. A Lusiyano anakana, ati kutero ndi kumumana mlamu wathu ulemu umene mkazi aliyense wokwatiwa pabanja pano analandira, ndipo anthu adzati tinamusala chifukwa cha khungu. Ndiye anayamba kufunafuna osauza munthu. Anayenda m'magalaja a ku Limbe akufunsa madalaivala ndi amakaniko, mpaka wina anawauza kuti pali Mjeremani wina wogwira ntchito zokumba mijigo amene amabwera ndi galimoto yake pamenepo. Anamudikirira pagalajapo, n'kumufotokozera m'Chingerezi chawo cha kunjanji kuti pali mlongo wake amene ali pamavuto ndipo akufunika Loweruka ku Kanjedza. Kwa iwo zinali zomveka. Ife tikakumana ndi munthu wa ku Milanje tili ku Joni, ameneyo ndi m'bale, atafa tikhoza kumuika m'manda. Nanga Mjeremani angalephere bwanji kulandira Mjeremani mnzake?

Loweruka lake amayi anatsitsa mkeka wawo watsopano umene ankausunga pamwamba pa kabati kudikira alendo olemekezeka, naukulunga n'kundisenzetsa. Anati ngakhale akuchikazi kulibe, malo awo ayalidwe, mwambo usaoneke wamaliseche. Mu minibasi kondakitala anadandaula njira yonse kuti mkekawo ukubaya anthu m'maso. Titafika tinasesa bwalo pansi pa mtengo wa mapeyala, tinaika mipando ya azibambo ndi mphasa za azimayi mbali imodzi, ndipo mbali inayo tinayala mkeka wa amayi uja, wokhawokha, ukununkhirabe mlaza.

Tisanamalize n'komwe kunaima galimoto yoyera pamsewu. Munatuluka mnyamata wachizungu wovala kabudula ndi masandasi, miyendo itapsa psuu ndi dzuwa, atagwira botolo la madzi. Anali atafika nthawi yeniyeni imene anauzidwa, n'kupeza ife tikutsukabe mbale. A Lusiyano anamulandira ndi manja awiri, nkhope ikuwala ngati munthu amene wapeza ng'ombe yotayika, n'kumuikira mpando pambali pa mkeka uja. Amayi anandikodola ndi chigongono kufunsa kuti ameneyu ndi ndani. Ine ndikanadziwa bwanji?

Anthu atasonkhana, Anti anatuluka m'nyumba atavala zakuda, duku kumutu, n'kukhala pansi pakati pa mbali ziwirizo. Tomasi, amene nthawi imeneyo anali ku sekondale, anakhala kumbuyo kwawo. A Lusiyano anaimirira, anakonza jekete, nayankhula mawu onse a mwambo mosathamanga. Anathokoza Anti chifukwa chosiya dziko lawo kutsata m'bale wathu, chifukwa chomudwazika, chifukwa chopereka mutu pometa. Anawapatsa nsalu yatsopano yobiriwira, yathunthu yosadula. Kenako anati, "Ndipo kuti musachoke pano ngati munthu wopanda kwawo, takupezerani m'bale wanu uyu kuti akulandireni."

Anti anatembenuka n'kumuyang'ana mnyamatayo koyamba. Anayankhulana m'Chijeremani pang'ono, ndipo ine ndinachita mantha, chifukwa mawu a Anti anamveka ngati a munthu wina amene sindimudziwa. Kenako mnyamatayo anayankhula m'Chingerezi kuti onse amve, Tomasi n'kumatimasulira. Anati iye anamva kuti pali mayi wachijeremani amene wasowa mtengo wogwira, ndipo ali wokonzeka kuthandiza pa mapepala kuti mayiyo ndi mwana wake abwerere kwawo msanga. A Lusiyano ankagwedeza mutu mokondwa, poona kuti zinthu zikuyenda.

Anti anaika nsalu ija pamiyendo, anaomba m'manja mwaulemu, nayankhula m'Chichewa chawo chija cholemera lilime.

"Alamu, zikomo chifukwa cha nsaluyi, ndiponso chifukwa choyenda m'magalaja onse aja chifukwa cha ine. Koma bamboyu ndamuona lero. Ndi munthu wabwino, koma sadziwa ndi dzina la mayi anga lomwe. Mukandipereka kwa iyeyu, mwandipereka kumsewu. Bambo anga ananditsekera chitseko, dziko langa linatha. Abale amene ndili nawo ndi inuyo mwakhala mbali iyoyo. Mukandimasula kwa inu, mwandimasula kwa onse. Nanga Tomasi akhala wa ndani?"

Ndikukumbukira mphepo ikuwomba m'mapaini, ndi tsamba louma la peyala limene linagwera pamkeka wopanda munthu uja n'kumagwedezeka pamenepo. A Lusiyano anavula chipewa n'kumachizungulitsa m'manja. Anati sankafuna kuthamangitsa munthu, Mulungu ndi mboni, koma mwambo sungathe popanda wolandira, ndipo kuusiyira panjira ndi kumusiya mlamu womangika. Azibambo ena anayang'ana nsapato zawo. Mnyamata uja anatsegula botolo lake la madzi n'kulitsekanso osamwa.

Pamenepo amayi anadzuka pamphasa. Anakutumula chitenje, anatola masilipasi awo n'kuwagwira m'manja, nayenda kudutsa bwalo lonse. Ndimaonabe mapazi awo akudinda pamizere ya tsache. Atafika pamkeka anachotsa tsamba lija, anakhala pansi, natambasula miyendo.

"Marita," anatero a Lusiyano chapansipansi, "iwe ndiwe mlongo wa malemu. Malo ako ndi kuno."

"Kumeneko mwadzaza, achimwene, simundisowa," amayi anayankha. "Kuno ndiye kulibe munthu. Fabiano ndinamulira, ndinamuika, sandifunanso. Wamoyo ndi uyu. Mumafuna wakwawo kwa Gizela, ndi ineyo. Ndipo mkekawu ndi wanga. Yankhulani, ndikumva."

Kenako anandiyang'ana ine ndi akulu anga. "Inu mukudikira chiyani? Ana amatsata mayi." Tinadzuka n'kuwoloka, maso onse ali pa ife. Tomasi anabwera kudzakhala pambali panga. Bambo anga, amene monga mkamwini anali atakhala kumapeto, ananyamula mpando wawo nadzauika kumbuyo kwathu. Mkeka unadzaza mpaka mkulu wanga wina anakhala theka pafumbi.

A Lusiyano anayang'ana mlongo wawo. Kenako anavala chipewa nati, "Izi sindinazionepo. Koma sindinamvenso kuti n'zoletsedwa." Ndipo popeza sankafuna zinthu zatheka, anapempha nsalu ija kuti ibwerere m'manja mwawo, n'kuyambiranso mawu onse pachiyambi, osadumpha ngakhale amodzi. Atafika ponena kuti tikukubwezani m'manja mwa abale anu, Anti anakwawa ndi mawondo kufika pamkeka, ndipo amayi anawagwira dzanja.

"Tamulandira mwana wathu," anatero amayi, nkhope ili gwa ngati nkhoswe yeniyeni. "Munamusunga bwino, sanabwere ndi chipsera. Akapezeka mwamuna wina womufuna tidzakudziwitsani, koma akhale wotha kudya kabichi wowola."

Azimayi anaseka, a Lusiyano anaseka akupukuta m'maso ndi mpango, ndipo Anti anagwetsa mutu paphewa la amayi n'kulira mokweza, kulira kuja kumene anthu ankakufuna pamaliro. Atatonthola anapempha sizasi, anadula nsalu yobiriwira ija pakati, theka n'kupatsa amayi. Mnyamata wachijeremani uja sanamvetse zambiri, koma anadya mpunga ndi nkhuku mpaka kupempha wina, ndipo asanapite anatulutsa kamera m'galimoto n'kujambula awiriwo atavala zitenjezo. Chithunzicho anadzachisiya kugalaja kuja, a Lusiyano n'kukachitenga. Ndi chimene chili pakhoma pangachi.

Ine tsiku limenelo ndinagona konko ku Kanjedza. M'mamawa ndinadzutsidwa ndi ta ta ta pakhonde.

Kuyambira pamenepo amayi analetsa mawu oti alamu pakati pawo, ankaitanana achemwali. Ifenso anatiuza kuti amenewa ndi mayi anu aang'ono, ngakhale pakamwa panga panali patazolowera Anti, n'chifukwa chake ndikulembabe choncho. Wodandaula anali Tomasi yekha. Kale tinali pachisuweni, ankanditcha mkazi wake wosadziwa kuphika ine n'kumamunena mphuno. Tsopano anasanduka mlongo wanga, nthabwala zonsezo zinatha, anayamba kundifunsa za homuweki. Patapita milungu Anti anabwera ku Mbayani ndi pepala, nawerengera amayi ndakatulo ya m'Chichewa. Inali yaitali, koma ine ndinasunga mathero ake okha:

Anayala mkeka wa abale anga,
panakhala mphepo ndi tsamba la peyala.
Kenako ndinamva mapazi opanda nsapato.
Dziko langa ndi lalikulu ngati mkeka, ndipo likundikwana.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, mpeni uli m'manja. Anati, "Apa palibe pofufuta. Koma simunanene kuti mkekawo sunabwerere ku Mbayani." Sunabwereredi. Unakhala pakhonde la ku Kanjedza, ndipo aliyense wa ife akafika ankakhala pamenepo.

Anti sanakwatiwenso. Tomasi atamaliza sukulu anapita ku Jeremani kukaphunzira, anakwatira komweko, ndipo amaimba foni pa Khirisimasi. Anti anapitako kamodzi kukaona mdzukulu, n'kubwerako msanga akudandaula kuti anthu akumeneko amadutsana osapatsana moni. Amayi atadwala matenda oumitsa ziwalo, ine ndinalekera sukulu Sitandade 8 kuti ndiziwasamala ndi kupitiriza geni yawo. Anti zinawapweteka kwambiri, tinakangana, koma Loweruka lililonse ankakwera minibasi kubwera kudzawasambitsa achemwali awo, n'kumandiwerengetsa nyuzipepala mokweza kuti ndisaiwale. Ngati ndikutha kulemba chonchi, ndi chifukwa cha Loweruka amenewo. Anti ndiwo anatsogola kumwalira. Akutchalitchi atafunsa kuti akwawo kwa malemu ali kuti, amayi, amene tinachita kuwanyamula pampando, anakweza dzanja limene linkagwirabe ntchito. Tinawaika kuno ku Blantyre, ndipo zonse tinayendetsa ife, akuchikazi. Amayi anatsatira pasanapite nthawi yaitali.

Masiku ano zinthu zinasintha. Kusudzula ambiri amangochitira pomwepo pobwera kumanda, mothamanga, chifukwa aliyense akufuna kukagwira basi, ndipo ndinamvapo ena atasudzulana pafoni. Nkhalango ya Kanjedza inapyapyala, ukaima pamsewu umaona mbali inayo. Mu Limbe anthu oyankhula okha akuyenda ndi ambirimbiri, timawaya tili m'makutu, ndipo palibe amawatcha amisala. Anti akanayenda mwamtendere. Koma ine ndikamva anthu akukangana kuti uyu ndi wathu, uyu si wathu, ndimakumbukira mayi anga atagwira masilipasi m'manja, ndipo ndimakweza mutu. Ndinabadwa kwa munthu ameneyo. Kabichi uja ndimatha kumuika, ndipo mwana wanga amadya osakwinya nkhope.

Amake Amina atabweza sefa ndinawakhazika pansi n'kuwauza zonsezi mwachidule. Ulendo uno sanaseke. Anayang'ananso chithunzicho, kenako anafunsa kuti, "Nanga ndakatulo zawozo zili kuti?"

Tomasi atabwera kumaliro anatenga zimene zinakwana m'sutikesi yake, zonse za m'Chijeremani. Zotsala zinabwera kuno m'makatoni, ndinaziika pansi pa bedi. Chaka cha mvula yoopsa ija khoma lakumbuyo linagwa, madzi analowa, mapepala anasanduka phala. Zinapita ndakatulo zonse za m'Chichewa, kupatula mizere inayi imene ili m'mutu mwangamu. Timabuku tija atsibweni ankaonetsa atelala tinaonongekanso. Makina otaipira anachita dzimbiri, tinapatsa ogula zitsulo. Kanyimbo kachijeremani kamene ankandiimbira ndikadwala ndinaiwala mawu ake, ndimangong'ung'udza. Theka la nsalu yobiriwira linapita ndi Anti kumanda, theka linalo linapita ndi amayi. Mkeka uja wokha sunaonongeke ndi madzi. Unali utatha kale ndi kukhalidwa.